Tet4, tet10 kapena kukwera mpaka order 3: musankhe iti pa meshi ya ma tetrahedron?

Funso limene limavutitsa anthu ambiri akangoyamba kugwira FEM (finite element method, njira yogawa chinthu mu tizidutswa totchedwa maelementi, tonse pamodzi nkukhala meshi, kuti kompyuta iwerengere mmene chikupindikira) ndi ili: chinthu changa nchokhotakhota, ma hex (maelementi a nkhope 6 onga njerwa) akukana kulowa, ndiye ndapanga meshi ya ma tetrahedron (ma tet, a nkhope 4 za makona atatu), tsono ndisiye linear (order 1, tet4) kapena ndidine quadratic (order 2, tet10)? Ena mpaka amafunsa za order 3 ndi 4 poti aona kuti Gmsh, pulogalamu yopangira meshi, imalola. Ine maganizo anga ndi oti pa ntchito zambiri za zitsulo ndi zinthu zina zolimba tengani ya manodi 10 basi, osazengereza. Koma pali malo angapo pomwe yomweyo imakutembenukirani, ndipo pamenepo mpomwe ndikufuna tikhalepo kanthawi.

Tet4, yotchipa koma yowuma

Iyi ndi ija ya manodi 4, nodi imodzi pa ngodya iliyonse. Mu mapulogalamu a Abaqus ndi CalculiX dzina lake ndi C3D4, mu Code_Aster ndi TETRA4, mu SolidWorks Simulation ndi imene mumapeza mukasankha draft quality. Displacement (kusuntha kwa malo) mkati mwake imasintha mowongoka, ndiye strain (kutanuka) yochokera pamenepo imakhala imodzimodzi mu elementi monse, stress nayonso chimodzimodzi, nambala imodzi kuchokera ngodya iyi mpaka ngodya iyo. Vuto lonse lagona pamenepa. Chinthu chikamapindika pamwamba pamakokeka, pansi pamapanikizika, pakati palibe kanthu, nanga elementi yodziwa nambala imodzi yokha ingatani? Imangotsanzira ngati masitepe, ndipo potero imawuma nkumakana kupindika, inu mumaona chinthu chikuoneka cholimba kuposa mmene chilili ndipo stress ikutuluka yochepa. Choopsa chake nchoti imakunamizani mokomera inu, mumati dizaini yapasa pomwe isanapase.

Musandikhulupirire, yesani nokha. Tengani bimu yachitsulo ya 10 mm ndi 10 mm, yotalika 200 mm, mangani mbali imodzi, kumapeto kwinako ikaniko 100 N, E (Young's modulus, kuuma kwa chitsulocho) ikhale 210 GPa. Pa pepala fomula ya kupindika kwa kumapeto, PL³/3EI, imapereka pafupifupi 1.52 mm, ndipo stress ya pamene mwamangapo ndi 120 MPa. Yendetsani ndi tet4 maelementi awiri kapena atatu okha kuchoka pamwamba kufika pansi pa bimuyo muone mmene nambala iperewere, kenako meshi yomweyo osakhudza china chilichonse ingosinthani order ikhale 2. Mudzaona nokha.

Sikuti tet4 ilibe ntchito ayi. Ine ndimaikonda poyesa ngati model ikuyenda nkomwe, ngati ndamanga malo oyenera, ngati ma unit sanasokonekere, chifukwa imathamanga. Imakwananso pa kayendedwe ka kutentha mu chinthu chonenepa pamene simukufuna kulondola kwambiri, komanso pa zamadzi ndi mpweya, moti COMSOL pa laminar flow imayambira pa P1+P1 (liwiro ndi presha zonse linear) yokhala ndi stabilization. Koma pa stress ya chinthu chopindika, iyayi.

Tet10

Apa mwawonjezera manodi 6, imodzi pakati pa mzere uliwonse wa elementi, onse pamodzi 10. Abaqus ndi CalculiX amati C3D10, Ansys ndi SOLID187, Nastran ndi CTETRA yomwe ija koma ya manodi 10, SolidWorks amati high quality. Tsopano displacement ikutha kukhota mkati mwa elementi, strain ikutha kukwera kapena kutsika kuchoka mbali ina kupita ina, zomwe ndi zimene kupindika kumafuna, ndipo stress imawerengedwa pa ma integration point 4 mmalo mwa imodzi.

Chimene chimathawitsa anthu ndi mtengo wake. Mu meshi wamba ya ma tet, mizere imachuluka pafupifupi ka 7 kuyerekeza ndi ngodya, ndiye mukaika nodi pa mzere uliwonse manodi amakwera pafupifupi ka 8. Meshi ya manodi 100,000 imafika cha ku 800,000, ndipo poti nodi iliyonse ili ndi ma DOF 3 (manambala osadziwika, kusuntha kwa x, y ndi z) mukukamba za 2.4 miliyoni, kuwonjezera apo matrix yake njothinana chifukwa nodi iliyonse ikulumikizana ndi anzake ambiri, RAM imadyeka, direct solver ngati MUMPS kapena PARDISO imayamba kupuma movutikira. Munthu akaona zimenezi amati aaa bola linear.

Koma kuyerekeza kumeneku nkokondera. Mukatenga tet4 nkudula saizi ya elementi pakati, manodi amakweranso ka 8 komweko, ndiye funso lenileni ndi loti pa mtengo umodzimodziwo mwagula chani? Masamu ake ndi oti error ya stress imatsika molingana ndi h (saizi ya elementi) pa linear, koma molingana ndi h² pa quadratic. Mukadula saizi pakati, tet4 error yake imatsala theka, tet10 imatsala kota. Mukadulanso, maelementi achuluka ka 64, tet4 yafika pa kota pomwe tet10 ili pa 1/16. Ndiye njira yanzeru si kusandutsa meshi yanu yothina ija kukhala quadratic ayi, koma kuyamba ndi meshi yotakasuka ya tet10 nkuthinitsa pokhapo pamene stress ikusintha msanga, pa mabowo, pa ma fillet (ngodya zozungulitsidwa), pamene pali load. Kungoti malamulo a h ndi h² amenewa amagwira ngati yankho lili losalala, zimene tibwererepo pansipa.

Nodi yapakatiyo yakhala pati?

Apa mpamene anthu ambiri amataya theka la phindu la tet10 osadziwa. Elementi kukhala quadratic pa masamu ndi nkhani ina, kukhala yokhota pa maonekedwe ndi nkhani inanso. Bowo lozungulira mukalizinga ndi mizere yowongoka 8 simunapange bowo lozungulira, mwapanga chinthu cha ngodya 8 chomwe malo ake akuperewera ndi pafupifupi 10%, ndi mizere 12 akuperewera ndi 4.5%. Nodi yapakati ikakhala pa mzere wowongokawo ndiye kuti mukuwerengera bwino kwambiri chinthu cholakwika, ndipo ngodya zabodzazo zimabweretsa timastress tawo tomwe pa chitsulo chenicheni palibe. Pa pulate yaikulu yokhala ndi bowo laling'ono ikamakokedwa mbali imodzi, stress ya mmphepete mwa bowo imayenera kukwera ka 3, zimene Kirsch anapeza kale mu 1898, ndipo iyi ndi njira yabwino yoyesera ngati meshi yanu ikutsata bowo moyenera.

Ndiye onetsetsani kuti nodi yapakati yakokedwa kukakhala pa CAD yeniyeni. Mu Gmsh mukalemba Mesh.ElementOrder = 2 kapena -order 2 imachita yokha zimenezi bola geometry ilipo, pokhapokha mutayatsa Mesh.SecondOrderLinear. Mu Ansys Mechanical yang'anani Straight Sided Elements isakhale pa Yes mwangozi. Koma ngati meshi yachokera ku STL (fayilo ya timakona atatu towongoka tokhatokha), kapena wina wangokutumizirani meshi ya linear popanda CAD inu nkuisandutsa quadratic, pulogalamu ilibe poonera kukhota, imangoponya nodi pakati pa mzere basi. Mu FEniCS mutha kusankha degree 2 kapena 3 pa function space koma meshi yapansi ikadali yowongoka ngati munailowetsa choncho, mu NGSolve muyenera kuitana mesh.Curve nokha. Zinthu zazing'ono koma zimadya anthu.

Kukhota nako kuli ndi msampha wake. Elementi ikakhala yaikulu pamene fillet ili yaing'ono, nodi yapakati imakokedwa kwambiri mpaka elementi imadzipinda yokha mkati, Jacobian (nambala yoonetsa ngati elementi yapotoka) nkukhala negative, solver nkukana kapena nkupereka zinyalala. Lamulo lake losavuta kukumbukira nloti nodi yapakati isayandikire ngodya kupitirira kota ya mzere. Ikafika pa kota penipeni Jacobian pa ngodyapo imakhala ziro ndipo strain imathawira kumwamba, moti anthu a fracture mechanics amachita dala zimenezi pa nsonga ya mng'alu, njira yomwe Henshell ndi Shaw analemba mu 1975 ndi Barsoum mu 1976. Kwa iwo ndi chida, kwa inu amene mukungofuna stress ya bulaketi ndi ngozi. Mankhwala ake ndi kuthinitsa meshi pa fillet, kuyatsa Mesh.HighOrderOptimize mu Gmsh, kapena kungochotsa ka fillet kopanda ntchito komwe kali kutali ndi malo amene mukufufuza.

Pamene tet10 imaluma

Poyamba contact, pamene zinthu ziwiri zikukhudzana. Tengani nkhope imodzi ya tet10, ya makona atatu ndi manodi 6, muike presha yofanana ponse yokwana 90 N. Mungaganize kuti nodi iliyonse itenga 15 N eti? Ayi. Manodi atatu apakati amatenga 30 N iliyonse, a pangodya atatu amatenga ziro, ndi mmene ma shape function ake alili. Tsono contact yachikale ya node-to-surface imayang'ana mphamvu ya pa nodi kuti idziwe ngati patseka kapena patseguka, ikaona ziro pa ngodya imasokonezeka, patseka, patseguka, patsekanso, ma iteration nkumangopita osafika. Nchifukwa chake Abaqus anapanga C3D10M, yosinthidwa kuti mphamvu zigawike bwino pa manodi onse. Masiku ano ndi surface-to-surface C3D10 wamba imayenda bwino ndithu ndipo stress yake njoyera kuposa ya M, ndiye musathamangire M musanaone mtundu wa contact umene mwasankha. Nkhani yomweyi ikutiphunzitsanso kuti musamagawe load pamanja mofanana pa manodi a nkhope ya quadratic, ikani ngati presha kapena traction pulogalamu igawe yokha, apo ayi muona stress ikuchita mabampu pamalo osalala.

Chachiwiri ndi explicit dynamics, za kugundana ndi kugwa kwa zinthu. Kumeneko mass imayenera kuunjikidwa pa manodi kuti masamu athamange. Mukaunjika mwa njira yophweka yophatikiza mzere uliwonse wa mass matrix, pa tet10 manodi apakati amatenga 1/5 ya mass iliyonse pomwe a pangodya amatenga -1/20. Mass ya negative! Mukaikankha kupita uku imathawira uko. Ndiye mapulogalamu amazemba ndi njira zina monga ya Hinton, Rock ndi Zienkiewicz ya 1976, kapena amamanga elementi ya manodi 10 kuchokera ku timaelementi tating'ono ta linear mkati. Mu LS-DYNA muli ELFORM 16 ndi 17 a manodi 10, komanso ELFORM 13 ya manodi 4 yomwe imasalaza presha pa manodi kuti isawume kwambiri. Kumbukiraninso kuti manodi akayandikana time step imachepa, ndiye mukulipira kawiri, manodi ambiri komanso ma step ambiri. Apa sindinganene kuti quadratic ndi yopambana nthawi zonse, zimatengera ntchito, ndipo pa ntchito zosula zitsulo pamene meshi imapangidwanso mobwerezabwereza anthu ambiri amakhalabe pa manodi 4 okhala ndi presha pa nodi, monga ELFORM 13 ija kapena SOLID285 ya Ansys.

Chachitatu labala ndi zinthu zonse zosapanikizika, pamene Poisson's ratio ili cha ku 0.499, kuphatikizapo chitsulo chikalowa mu plasticity kwambiri popeza pamenepo volume siisintha. Tet4 wamba apa imangotseka, siyenda. Tet10 imayesetsa koma presha yake imatuluka yamawangamawanga, elementi iyi yakwera inzake yatsika. Kukweza order pakokha si mankhwala, chofunika ndi kuwerengera presha padera: C3D10H mu Abaqus, mixed u-P pa SOLID187, kapena ngati mukulemba nokha khodi, Taylor-Hood ya 1973 yomwe displacement ili P2 presha ili P1.

Nanga order 3, 4 kupita kumwamba?

Manodi pa elementi amakwera chonchi: 4, 10, 20, 35, 56. Ganizo loti mmalo modula meshi tizingokweza order linakula ndi ntchito za Barna Szabó ndi Ivo Babuška chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980, ndipo mapulogalamu ena anamangidwa pamenepo, StressCheck ndi Creo Simulate yomwe kale inali Pro/MECHANICA, yachiwiriyi imakwera yokha mpaka order 9 pamene ikuona kuti pakufunika. Abaqus ndi Ansys Mechanical maelementi awo a tsiku ndi tsiku amathera pa quadratic, ndiye ngati muli kumeneko funsoli silikukukhudzani nkomwe. Amene ali pa NGSolve, MFEM, Firedrake, FEniCS kapena COMSOL ndi amene angasankhe.

Kumene order yapamwamba imawala zedi ndi mafunde, kaya a phokoso, kaya a electromagnetics, kaya kunjenjemera kwa ma frequency apamwamba. Elementi ya linear imaphonyetsa pang'ono liwiro la funde, ndipo kuphonya kumeneko kumaunjikana funde likamayenda mtunda wautali, moti ngakhale muike maelementi 10 pa wavelength iliyonse, malo akakula yankho kumapeto limakhala litasemphana. Mukakweza order kuphonyaku kumagwa msanga kwambiri pa ma DOF ochepa. Pa Maxwell kumbukirani kuti si Lagrange wamba, ndi maelementi a Nédélec a 1980, nawonso ali ndi ma order awo. Kwina ndi pamene chinthu chili chosalala bwino ndipo mukufuna manambala olondola kwambiri, pamenepo error imagwa mothamanga mukamakweza p, ndiye kuti order, mpaka mumasangalala.

Koma zolipira zilipo. Geometry iyenera kukwera nawo, order 4 pa meshi ya mizere yowongoka ndi kutaya magetsi. Matrix imathinana kwambiri, AMG (algebraic multigrid, njira yothamangitsira solver) wamba imayamba kufooka ndipo mumafuna p-multigrid kapena static condensation, manodi otalikirana mofanana amawononga conditioning p ikakwera nchifukwa mapulogalamu abwino amagwiritsa hierarchical basis. Ndiye pali kuonera zotsatira, zida zambiri zojambulira zimangolumikiza manodi mowongoka, yankho lanu lokongola la order 5 nkumaoneka ngati la tet4 pa sikirini. Pa bulaketi, shafiti, nyumba ya pampu, zokhala ndi contact ndi plasticity, ine sindikuona chifukwa chopitirira 2.

Ngodya yakuthwa sisamala order yanu

Ngati model ili ndi ngodya yolowa mkati yopanda fillet, kapena load yaikidwa pa nodi imodzi, kapena pamene pakuthera malo omangidwa, stress ya masamu pamenepo ilibe malire. Mukadula meshi imakwera, mukakweza order imakweranso, ndipo tet10 imaionetsa yofiira kwambiri kuposa tet4, zimene zimachititsa ena kunena kuti quadratic ikukokomeza. Siikukokomeza, ikungoona bwino chinthu chimene tet4 imabisa. Malamulo a h² aja apa amatha mphamvu, liwiro la convergence limalamulidwa ndi ngodyayo. Chochita ndi kuika fillet yeniyeni yomwe chinthucho chidzakhale nayo, kapena kuwerenga stress patali pang'ono, kapena ngati pulogalamu ikutha, kuthinitsa meshi molunjika ku ngodyayo uku mukukweza p kwina konse, yomwe ndi njira ya hp.

Za ma hex mwachidule

Padakali anthu amene amati tet iliyonse njoipa, hex yokha ndiye elementi. Mbiri imeneyi inabwera ndi tet4 ndipo tet10 inangovala mlandu wa mnzake. Hex yoyalidwa bwino, C3D20R kapena C3D8I, imapereka yankho labwino pa manodi ochepa, zoona, ndipo pa explicit ndi pa matrix-free ya order yapamwamba hex ili patsogolo. Koma pa chinthu chochita kuumba chokhala ndi nthiti ndi mabowo paliponse mutha kutha masiku mukuchidula kuti ma hex alowe pomwe tet10 ikanamaliza tsiku lomwelo, ndipo hex yopotoka nayo imanama. Kafukufuku wa Teseo Schneider, Daniele Panozzo ndi anzawo wofalitsidwa mu ACM Transactions on Graphics mu 2022 anayesa pa ma model ambirimbiri nkupeza kuti pa ma elliptic PDE (masamu onga a stress ndi kutentha kosasintha ndi nthawi) ma tet a quadratic amalingana kapena kuposa ma hex. Chinthu chikakhala chopyapyala ngati lata musavutike ndi zonsezi, tengani maelementi a shell. Ndipo musalumikize nkhope ya tet10 mwachindunji ndi elementi ya linear, nodi yapakati imatsala yolendewera, pamafunika tie kapena constraint.

Kusamutsa meshi pakati pa mapulogalamu

Tet4 siivuta, manodi 4 basi. Tet10 pulogalamu iliyonse ili ndi ndondomeko yake yowerengera manodi apakati. Gmsh, pamene tet10 ndi element type 11, imasiyana ndi VTK ndi Abaqus pa manodi awiri omaliza, asinthana malo. Mukagwiritsa export ya Gmsh yomwe kapena meshio zimakonzedwa zokha, koma mukalemba kasikiripiti kanu kosamutsa nkuiwala zimenezi, elementi iliyonse imapotoka mkati ndipo solver imakuwa negative Jacobian ponseponse ngakhale meshi ikuoneka bwinobwino pa sikirini. Mukaona error imeneyo pa maelementi onse osati ochepa a pa fillet okha, musayambe kuthinitsa meshi, tsegulani fayilo, tengani elementi imodzi, muone ngati nodi ya nambala 9 ili pakati pa ngodya 2 ndi 4 ndipo ya nambala 10 ili pakati pa 3 ndi 4 monga Abaqus ndi CalculiX amafunira. Ngati zasinthana, ndi mzere umodzi wa khodi.